Kalata yotseguka kwa akuluakulu a maphunziro apamwamba: musatilande labu ndi ulendo wa kutchire pa kosi ya zamoyo

Kwa olemekezeka akuluakulu oyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, atsogoleri a mayunivesite aboma, ndi nonse amene mumakhala pansi kugawa ndalama za maphunziro,

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kalatayi yakupezani muli bwino. Ndikudziwa kuti katundu amene mwasenza ndi wolemera, poti aliyense wogogoda pakhomo panu amabwera ndi chosowa chake. Ndiyambe ndi kuthokoza kuti zitseko za yunivesite zatsegukira ana ambiri kusiyana ndi kale, moti mwana wa mlimi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje lero angathe kuganizako za digiri. Zimenezo sindikuzipeputsa ayi.

Ine ndimaphunzitsa bayoloji pa imodzi mwa mayunivesite athu aboma. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa nkhaniyi si ya malo amodzi. Kosi imene ndikuyilirira ndi ya chaka choyamba, yophunzitsa mitundu ya zamoyo: mabakiteriya, ndere, bowa, zomera, nyongolotsi, nkhono, tizilombo, nsomba, mbalame, mpaka ife anthu. Mlangizi wa zaulimi, dokotala wa ziweto, wa zankhalango, wa zausodzi, wa mu labu ya chipatala, mphunzitsi wa kusekondale, onsewa amadutsira pamenepa. Kumene ndili tauzidwa kuti chifukwa ndalama zachepa ndipo ophunzira achuluka, mapulakitiko aphatikizidwe kuti akhale ochepa, ulendo wa kutchire uyambe waima. Chigamulo chimenecho n'chimene chandigwiritsa cholembera. Ndinene mosapsatira: kosi imeneyi siphunzitsika ngati wophunzira sagwira chamoyo ndi manja ake n'kuchiona ndi maso ake. Mukachotsa zimenezo, chotsala ndi dzina la kosi papepala la zotsatira za mayeso basi.

Dandaulo langa loyamba ndi la labu.

Ndikanakonda mutabwera tsiku limene timaphunzira tizamoyo ta m'madzi. Timatunga madzi obiriwira a pachithaphwi, wophunzira n'kudontheza dontho limodzi pa kagalasi, n'kuvundikira ndi kagalasi kena kopyapyala. Amayamba ndi kuona mdima wokhawokha, kenako nsidze zake zomwe, kenako thovu la mpweya limene amalijambula mosangalala poganiza kuti wapeza chamoyo. Ukamugwira dzanja n'kumuonetsa kapotokozedwe ka pang'onopang'ono, mwadzidzidzi amadzidzimuka n'kufuula kuti, "Chikuyenda!" Wakumana ndi Paramecium akupalasa ndi tiubweya take, kapena Euglena wobiriwira amene amadzipangira chakudya ngati chomera koma n'kumasambira ngati nyama. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo safunanso kumunyengerera kuti akhulupirire kuti madzi ooneka oyera angathe kupha munthu. Wadzionera yekha.

Koma ndi angati amene amafika pofuula chotero? Mamaikulosikopu ambiri amene tili nawo ndi okalamba. Ena adamera chuku m'magalasi chifukwa cha chinyontho, ena mababu adapsa, ena zopotokozera zidalekerera. Otsalawo amazunguliridwa ndi gulu lathunthu. Wolimba mtima ndiye amayang'ana, enawo amakopera chojambula chake. Kawirikawiri amene amatsalira kumbuyo ndi mwana wamanyazi uja wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi, amene sadagwirepo chida chimenechi chibadwire. Amene adali ndi mwayi ku sekondale ndi amenenso amalanda mpando ku yunivesite. Magetsi akazima pakati pa pulakitiko, basi, sabata imeneyo yapita, chifukwa labu ikudikiridwa ndi gulu lina.

Mankhwala a mu labu nawonso ndi nkhani. Njira yopaka mabakiteriya utoto kuti asiyanitsidwe idatulukiridwa ndi Hans Christian Gram mu 1884, ndipo imafuna timabotolo tochepa chabe. Koma kuti timabotolo timeneto tifike, pepala limayenda maofesi ambiri, ndipo pamene likusainidwa komaliza mtengo umakhala utasintha kale. Tonse tikukumbukira kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pafupifupi chilichonse cha mu labu chimachokera kunja, koma gawo la dipatimenti silidakwere molingana ndi mitengoyo. Tsono timaphunzitsa utoto wa mabakiteriya ndi choko pabolodi. Mwana ameneyu mawa adzakhala m'chipatala cha boma, atapatsidwa makhololo kuti afufuze TB kapena magazi kuti aone malungo. Dziko limene lidataya anthu oposa 1,700 ndi kolera amene adayamba mu Malichi 2022 siliyenera kutulutsa omaliza maphunziro a bayoloji amene bakiteriya adangomuona pa pulojekita.

Ndisaiwale matekinishani. Iwowa ndi amene amakonza zida, kuweta tizilombo tophunzirira, kudziwa dambo lopezeka ndere yabwino ndi mwezi umene achule amaikira. Mmodzi akapuma pantchito, mpando wake umakhala zaka osadzazidwa, ndipo zimene amadziwa amapita nazo kumudzi.

Dandaulo lachiwiri ndi la ulendo wa kutchire, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa m'pamene mtima umandipweteka kwambiri.

Mabwana, palibe nyanja ina padziko lapansi imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa Nyanja ya Malawi. Za m'banja la chambo, mbuna ndi utaka zokha akatswiri amaziyerekeza kuti zili pakati pa mitundu 800 ndi 1,000, pafupifupi yonse yosapezeka kwina kulikonse, ndipo yambiri mpaka lero ilibe dzina la sayansi. N'chifukwa chake paki ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980, idalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo amtengo wapatali padziko lonse mu 1984. Mphunzitsi wa ku Tokyo kapena ku Boston akafuna kufotokoza mmene mtundu umodzi umagawikira n'kubala mitundu yambiri, amatchula nyanja yathuyi. Ophunzira awo amakwera ndege kudzamira ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Athu, amene akuphunzira m'dziko la eni nyanja, amamaliza chaka osaviikamo phazi.

Ndikamafunsa m'kalasi kuti ndani adayamba wayiona nyanja, manja amene amakwera ndi ochepa kuposa mmene mungaganizire. Usipa amaudziwa wouma pamsika, chambo amachidziwa chili m'mbale. Koma mwana yemweyo mumuveke galasi la kumaso, mumugoneke chafufumimba pamadzi pafupi ndi miyala. Aona mbuna zabuluu ndi zachikasu zikupala ndere pamwala, iliyonse ndi kamwa yakeyake: ina imapala, ina imabudula, ina imapesa. Aona yaikazi yatupa kukhosi chifukwa yafungatira ana m'kamwa, ikuwalavula kuti adye n'kuwabwezanso m'kamwa chinthu chikawaopsa. Pamchenga aona timilu tozungulira timene amuna amamanga pokopa akazi. Mukamuuza za kaligono amene amagona cham'mbali ngati wafa kuti agwire tinsomba tobwera kudzamunyomola, za nsomba ina imene imadya mamba a zinzake, za kampango amene amadyetsa ana ake mazira, sakhalanso akulemba kuti adzakhoze mayeso. Amayamba kufunsa mafunso ake: zidasiyana bwanji chonsecho zili m'madzi amodzi? Bwanji za pachilumba ichi zili ndi mtundu wina kusiyana ndi za pachilumba icho? Mafunso amenewo ndiwo maziko a kosi yonse, ndipo ine sindingawabzale ndi manotsi.

Nyanja si yokhayo. Ku Mulanje kuli mkungudza, Widdringtonia whytei, mtengo wa fuko lathu, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chinaka. Ku Karonga kuli mafupa a Malawisaurus, ndipo ku Uraha m'boma lomwelo mu 1991 kudapezeka nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Nyanja ya Chilwa, imene idaumiratu mu 1995 kenako n'kudzazanso, imaphunzitsa mmene matemba ndi mlamba zimapulumukira m'mitsinje ndi m'madambo mpaka madzi atabwerera. Ngakhale tchire la miombo la kuseri kwa mpanda wa sukulu lili ndi phunziro: msuku, mlombwa, chulu ndi bowa wake. Zonsezi tili nazo popanda kulipira ndi dola. Chimene chikusowa ndi mafuta a basi, chakudya cha masiku awiri ndi malo ogona. Zimandivuta kumvetsa kuti galimoto za sukulu zimapeza mafuta opitira kumisonkhano ya m'mahotela a kunyanja, koma a ophunzira opita kukaphunzira nyanja yomweyo amasowa.

Chachitatu ndi zimene timaphunzitsazo.

Kunena zoona, manotsi ena amene akuyenda m'manja mwa ophunzira ndi achikale. Akugawabe zamoyo m'maufumu asanu monga momwe Robert Whittaker adachitira mu 1969, ngati kuti nkhani idathera pomwepo. Chonsecho mu 1977 Carl Woese adaonetsa kuti pali gulu la tizamoyo, Archaea, tooneka ngati mabakiteriya koma tosiyana nawo kutalitali, ndipo pofika mu 1990 zamoyo zonse zidayamba kuikidwa m'nthambi zikuluzikulu zitatu. Lero tikudziwa kuti bowa ndi wachibale wapafupi wa nyama kusiyana ndi zomera. Wophunzira wa masiku ano ayenera kudziwa kuwerenga mtengo wa ubale wa zamoyo, kudziwa kuti DNA imatiuza chiyani ndipo siingatiuze chiyani. Kusintha silabasi kumafuna kuti aphunzitsi akhale pansi, awerenge, akambirane. Munthu amene ali ndi makosi ambirimbiri ndi milu ya mapepala ochonga nthawi imeneyo aitenga kuti?

Mabuku amene tili nawo ambiri ndi ochokera ku America ndi ku Britain. Ndi mabuku abwino, ndimawagwiritsa ntchito, ndipo sindikunena kuti atayidwe. Koma zitsanzo zake ndi mitengo ndi nyama zimene mwana wa ku Ntchisi sadzaziona, pamene zitsanzo zoposa pamenepo zili m'munda mwa amayi ake. Chomera chodyera chinzake? Kaufiti uja wa maluwa ofiira amene amayamwa mizu ya chimanga. Kudalirana kwa zamoyo? Chiswe chimalima bowa mkati mwa chulu, ndipo mvula ikagwa bowa yemweyo amatumphuka ife n'kukazula. Zomera ndi mabakiteriya? Zulani mtedza kapena soya muone timaponda ta m'mizu timene timakoka chonde kuchokera mumpweya. Vairasi? Chisaka chimene chidatha nthochi ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay. Chuku chakupha? Chija cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chimene poizoni wake amawononga chiwindi ndi kutitsekera misika ya kunja. Nkhungu zimene zimafuka panyanja ngati utsi, kashembe wa ku Vwaza ndi ku Nkhotakota wofalitsa kaodzera, namasupuni wa mu Shire: kosi yonse ingathe kuimikidwa pa zinthu zimene wophunzira adazipondapo kale. Akatero ndiye adzamve bwino za kunjazo.

Bwanji nanga sitilemba tokha mabuku otsogolera mapulakitiko okhala ndi zitsanzo zimenezi? Chifukwa pokweza mphunzitsi pantchito, chimene chimawerengedwa kwambiri ndi mapepala a kafukufuku osindikizidwa kunja. Amene wathera chaka akulemba buku lothandiza kuzindikira mitengo ya m'dera lake amaoneka ngati wataya nthawi. Ndondomeko imeneyo ili m'manja mwanu.

Chachinayi ndinena mwachidule. Gulu likakula mopitirira, mayeso amasanduka osankha yankho pa anayi, chifukwa ndi okhawo ochongeka msanga. Mayeso aja oyenda tebulo ndi tebulo, pomwe wophunzira amapeza tsamba, chigoba kapena kachilombo n'kufunsidwa kuti ndi cha gulu liti ndipo wadziwa bwanji, akuzimiririka. Tikupereka magiredi apamwamba kwa odziwa kuloweza. Ana si olakwa; akuchita zimene tawayesa.

Chachisanu ndi zosungidwa zophunzirira, pamodzi ndi anthu odziwa kutchula zamoyo maina.

M'chipinda chathu chosungiramo muli mabotolo a nsomba, achule ndi njoka amene adatoleredwa ndi amene adatitsogolera. Spiriti akauma osawonjezeredwa, nsomba imakwinyika n'kusanduka chikopa chakuda. Timapepala ta maina tafufutika, moti sitidziwanso kuti idagwidwa kuti ndi liti, ndipo chosungidwa chopanda malo ndi tsiku chilibe ntchito kwa wasayansi. Mabokosi a agulugufe atsala mapini ndi fumbi. Masamba opanikizidwa afumbwa. Izi sizifuna mamiliyoni: spiriti, mankhwala othamangitsa tizilombo, makabati otseka bwino ndi munthu woziyang'anira.

Mbiri yake ndi yakuti nsomba zoyamba za m'nyanja yathu kupatsidwa maina a sayansi zidatoleredwa ndi John Kirk, n'kufotokozedwa ndi Albert Günther ku London mu 1864. Ethelwynn Trewavas adalongosola zambiri mu 1935. Mkungudza udatchulidwa dzina la Alexander Whyte. Anthuwa adagwira ntchito yaikulu ndipo timawalemekeza. Koma zamoyo zenizenizo zosungidwa zimene maina amenewo adatsamirapo zambiri zili m'nyumba zosungira zinthu za ku Ulaya, ndipo patapita zaka zonsezi Amalawi otha kutenga chamoyo chosadziwika n'kuchilongosola mwasayansi ndi owerengeka. Sukulu yathu ikatseka khomo la chaka choyamba, owerengekawo adzalowedwa m'malo ndi yani? Mmera mpoyamba. Palibe amene amasanduka katswiri wa nkhono kapena wa udzu ali pa digiri yachitatu ngati sadakopeke ali pachiyambi.

Tili ndi mabungwe amene angatithandize: National Herbarium and Botanic Gardens ndi Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, ofufuza za nsomba ku Monkey Bay, malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Makoka, nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri. Lero kuti ophunzira akafikeko zimadalira kuti mphunzitsi ali ndi mnzake kumeneko amene angamuimbire foni. Mnzakeyo akasamutsidwa, ubale watha.

Palinso aphunzitsi ena amene malamulo athu a zachuma sawadziwa. Msodzi wa ku Msaka kapena ku Usisya amasiyanitsa nsomba zimene ine ndimafunika buku kuti ndizisiyanitse. Mayi wozula bowa amadziwa utale, ndelema ndi manyame, komanso amene sayenera kulowa mumphika. Sing'anga amaudziwa mtengo pongonunkhiza khungwa. Ndikafuna kuitana mmodzi wa iwo kuti ayende ndi ophunzira, ndimafunsidwa satifiketi yake, ndipo popeza alibe, palibe njira yomulipirira. Timatenga nzeru zawo ulere, kapena timangozisiya kuti zipite nawo kumanda.

Mwina wina anena kuti zonsezi ndi zokomera aphunzitsi okonda tchire, pamene dziko likufuna chakudya ndi mankhwala. Ndiloleni ndikukumbutseni zimene zidatichitikira.

Mbozi zachilendo zochokera ku America, Spodoptera frugiperda, zitalowa m'minda yathu, zidafika poti mu Disembala 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Mlimi akabwera ndi mbozi m'chitini, funso loyamba limakhala lakuti: kodi ndi kapuchi, ndi ntchemberezandonda zathu zakale, kapena ndi zachilendozi? Yankho lili pamutu pa mboziyo, pomwe pali chizindikiro chonga Y wozondoka, ndi chakumchira komwe kuli timadontho tinayi takuda toyalana bwinobwino. Mlangizi amene sadaphunzire kuyang'ana chotero amalangiza mankhwala olakwika pa nthawi yolakwika, mlimi n'kutaya ndalama ndi chimanga chomwe.

Likodzo nalonso n'chimodzimodzi. Si nkhono iliyonse imene imafalitsa matendawa. Likodzo la m'chikhodzodzo limadzera mu nkhono za mtundu wa Bulinus, ndipo pali kafukufuku wa ku Cape Maclear wosonyeza kuti kuchepa kwa nsomba zodya nkhono kumayendera limodzi ndi kuchuluka kwa matendawa. Mu 2017 m'mbali mwa nyanja ku Mangochi mudapezeka nkhono ina, Biomphalaria pfeifferi, yofalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo ana a sukulu atayezedwa adapezeka nalo. Chenjezo limenelo lidayamba ndi munthu amene adawerama m'madzi, n'kutola chigoba chophwatalala, n'kuzindikira kuti ichi sichikhala kuno. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotero kumaphunzitsidwa.

Mu 2018 bungwe la padziko lonse loteteza chilengedwe la IUCN litaunika mitundu 458 ya nsomba za m'Nyanja ya Malawi, lidalengeza kuti mitundu itatu ya chambo, Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, yatsala pang'ono kutheratu. Kwa wogula pamsika chambo ndi chambo. Koma wolondera nyanja ayenera kudziwa kuti ndi uti mwa itatuyo amene wasiya kuoneka m'makoka. Ku Mulanje kafukufuku wa mu 2017 adangopeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha phiri lonse. M'timankhalango totsala ta ku Malawi Hills m'boma la Nsanje muli kabilimankhwe kakang'ono, Rhampholeon chapmanorum, kamene kadalongosoledwa mu 1992 ndipo sikapezeka kwina padziko. Dziko lathu lidasaina pangano la mayiko onse loteteza zamoyo la mu 1992, ndipo lamulo limafuna kuti msewu waukulu, mgodi kapena damu zisanamangidwe pakhale kuunika za chilengedwe. Adzalemba malipoti amenewo ndi ana amene ali m'kalasi mwanga panopa. Ngati satha kusiyanitsa mitengo iwiri, adzakopera mndandanda wa lipoti lina, ndipo nkhalango idzagwa ndi siginecha yathu.

Ena amatiuza kuti pali mavidiyo pa intaneti, ana azionera pa foni. Mavidiyo ndi othandiza ndipo ndimawatumizira ophunzira anga, ngakhale bando ndi yodula ndipo si onse ali ndi foni yotha kuonetsa. Koma mu vidiyo wina adapeza kale chamoyocho, adachiika pakati, adachilemba dzina. Kumunda ndi kuchipatala palibe amene adzakuikireni muvi wolozera.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Chigamulo chochepetsa mapulakitiko a kosi imeneyi chibwezedwe kulikonse kumene chaperekedwa, ndipo pakhale lamulo lolembedwa la maola a mu labu amene wophunzira aliyense ayenera kukwanitsa. Oyendera masukulu asamangowerenga zimene zili mu silabasi. Azilowa mu labu tsiku la pulakitiko, awerenge mitu ya ophunzira ndi zida zimene zikugwiradi ntchito.

2. Ulendo wa kutchire ukhale mbali ya kosi yokhala ndi malikisi ake, ndi ndalama zake zotetezedwa mu bajeti kuti zisamapatutsidwire kwina pakati pa chaka. Wophunzira aliyense wa bayoloji afike kunyanja asanamalize chaka choyamba. Mtengo wake usakankhidwire kwa ana amene ngakhale chakudya cha tsiku akuchipeza movutikira.

3. Chiwerengero cha olowa chiziyenda limodzi ndi malo a mu labu. Mukawonjezera ophunzira, wonjezeraninso zida, magawo a mapulakitiko ndi othandizira kuphunzitsa. Ophunzira a digiri yachiwiri angathe kugwira ntchitoyi bwino ngati akulipidwa pa nthawi yake.

4. Mipando ya matekinishani idzazidwe, ndipo ena aphunzitsidwe kukonza mamaikulosikopu. Zida zambiri zimene zili m'makabati zingadzuke ndi babu ndi kupukuta magalasi. Ma labu aikiridwe magetsi a sola.

5. Kagulidwe ka zinthu za mu labu kafupikitsidwe, ndipo mayunivesite aboma azigula pamodzi kuti mitengo itsike.

6. Pakhale mapangano olembedwa pakati pa mayunivesite ndi mabungwe osunga zomera, ofufuza za nsomba, za nkhalango ndi za ulimi, kuti ophunzira azilandiridwa chaka ndi chaka. M'mapangano omwewo mukhale njira yovomerezeka yolipirira asodzi, asing'anga ndi amayi odziwa bowa amene angaitanidwe kudzaphunzitsa, ndipo maina awo azilembedwa pa zimene athandiza.

7. Aphunzitsi a kosi imeneyi ochokera m'mayunivesite onse apatsidwe mpata wokhala pamodzi kuti akonzenso silabasi ndi kulemba buku limodzi la mapulakitiko la zitsanzo za kuno, lopezeka mwaulere pa intaneti. Ntchito imeneyo, limodzi ndi yosamala zosungidwa, iziwerengedwa pokweza munthu pantchito.

Kwa makolo, ophunzira ndi anzanga amene mwaiona kalatayi, chonde ipatsirenini ena, ndipo mufunse kumene mwana wanu akuphunzira kuti semesita ino wagwira maikulosikopu kangati ndipo ulendo wa kutchire ulipo liti. Inu amene mudadutsa m'ma labu amenewa ndipo lero muli ku Johannesburg, ku London kapena kwina, mawu anu amamveka. Ngati kuntchito kwanu kuli zida zabwinobwino zimene zikuchotsedwa, lankhulani ndi madipatimenti amene adakuphunzitsani.

Mabwana ndi madona, mfundo yoyamba ndi yachiwiri zikufunika yankho semesita ikubwerayi isanayambe, chifukwa ndandanda ya maphunziro ikatuluka popanda mapulakitiko, gulu lina lathunthu lidzadutsa chimodzimodzi. Ife aphunzitsi ndife okonzeka kubwera ndi mndandanda wa zida zowonongeka, zimene zingakonzeke, ndi mtengo wa ulendo pa wophunzira mmodzi, tsiku lililonse limene mungatiitane.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa bayoloji wa chaka choyamba,
pa imodzi mwa mayunivesite aboma